Mayi Telala ndi Lole Yosabwerera M'mbuyo

Mayi Telala anagula lole ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Njinga yakapalasa yomwe sankaidziwa. Chinthu chokhacho cha gudumu chomwe anachiyendetsapo chinali makina osokera, ndipo makinawo, pa zaka makumi atatu zomwe anawapalasa pakhonde la sitolo ya nsalu, sanasunthepo ngakhale phazi limodzi.

Chinawachotsa pa makinawo ndi maso. Zakutali ankaona bwinobwino, moti munthu ali kutsidya kwa msewu ankatha kumuuza kuti buluku lake lafupika mwendo umodzi. Koma bowo la singano linayamba kuwazemba. Ulusi kuunyambita, kuulunjika bwinobwino, uwo wadutsa pambali. Amuna awo, omwe anthu ankangowaitana kuti a Kwaya chifukwa choimbitsa kwaya ya kutchalitchi kuyambira ali mnyamata, ndi amene ankabwera kudzawalowetsera ulusi. Tsiku lina Mayi Telala anasoka thumba la malaya mozondoka, mwini malaya n'kufunsa mwaulemu ngati imeneyo inali sitayilo yatsopano. Madzulo ake anaphimba makina ndi nsalu. Anagulitsa malo omwe bambo awo anawasiyira, ndipo mwezi usanathe pabwalo panaima lole yoyera, yaying'ono, yotheratu utoto m'mbali koma ya injini yabwino.

"Nanga aziyendetsa ndani?" anafunsa a Kwaya, akuizungulira chapatali ngati ingawalume.

"Mkamwini tili naye wa ntchito yanji?"

Mkamwiniyo, mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo, anali dalaivala. Pa siteji ya malole ankamutcha Magiya. Ankayankhula za galimoto ngati anabadwira mu injini, ndipo makiyi sankawaika m'thumba, ankawazunguza pa chala kuti aliyense awaone. Anaitenga loleyo n'kuyamba kututa njerwa, mchenga, ndi katundu wa anthu osamuka. Lole inkagona kwa iye. Mwini wake akafunsa kuti yayenda bwanji, yankho linali limodzi: "Apongozi, inu zanu ndi masiketi. Izi tisiyireni ife."

Ndiye tsiku lina Mayi Telala akuchokera kumsika, lole yawo yomwe inawadutsa, kutsogolo kutakhala mkazi. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe, telala sayambira nkhope. Anaona diresi lobiriwira, la kolala yozungulira, mabatani asanu okutidwa ndi nsalu paphewa. Linali diresi lomaliza lomwe anasoka maso asanathe, ndipo anasokera mwana wawo. Koma wovalayo anali wathupi, moti msoko wa m'khwapa unkaoneka kuti ukuvutika.

Dengu la kumsika lili m'manja, analunjika kwa mwana wawo. Nyumba yake inali kumapeto kwenikweni kwa kanjira kothina: mipanda ya njerwa uku ndi uku, ngalande mbali imodzi, ndipo pakati kanjirako kankakhota pomwe panaima pholo la magetsi. Kumapetoko kunalibe kotulukira, kunalibenso potembenukira. Magiya ankadzitama kuti mtauni monse ndi iye yekha angatulutse lole m'menemo chobwerera.

Anamupeza mwanayo akuchapa.

"Diresi lako lobiriwira lili kuti?"

Mwana anaweramira m'beseni. "Analitenga mwamuna wanga mwezi watha. Akuti ine silindikhala."

"Silikukhala? Losoka ine? Ndipo iwe uli phee?"

"Si diresi lokha, Amayi. Ndi zambiri. Ndinangotopa n'kuyankhula."

"Longedza, tiye kwathu."

"Ndikachoka, lole yanu ayendetsa ndani? Munagulitsa malo a agogo. Iye amandiuza tsiku lililonse kuti akangotsika mu lolemo, inu ndi Ababa mudya matayala."

Mawu amenewo anawalasa Mayi Telala. Anachita manyazi omwe sanawachitepo ngakhale tsiku la thumba lozondoka lija. Lole anaigula kuti iwapumitse, koma ndi imene inkamusunga mwana wawo m'nyumba yotukwanidwa. Usiku umenewo sanadye. Kutacha anakalembetsa ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto.

Mphunzitsi wake anali mkulu wina wadazi, yemwe ankati waphunzitsapo abusa ndi zidakwa zomwe, palibe chingamudabwitse. Anadabwa tsiku loyamba lomwelo. Mayi Telala atakwera, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pampando.

"Mayi, nsapatozo bwanji?"

"Makina sapondedwa ndi nsapato. Ungawamve bwanji?"

Vuto lenileni linali phazi. Phazi lomwe lapalasa makina zaka makumi atatu silidziwa kuponda n'kukhala pomwepo. Limaponda, kusiya, kuponda, kusiya. Lole ya sukulu inanyamuka modumpha ngati chule, mphunzitsi mutu gu kudenga.

"Pondani kamodzi, phazi likhale pomwepo!"

"Phazi likangokhala makina amaima!"

"Amayi, awa si makina osokera!"

"Ndaona kale. Osokera amamvera."

Ankayendetsa milomo ili yotseka kolimba, ngati yaluma mapini, chifukwa pa ntchito pakamwa pawo panazolowera kusunga mapini. Mphunzitsi akafunsa kanthu, yankho linkatulukira m'mphuno. Koma zoona zinenedwe: phazi litayamba kumva, pa msewu wowongoka panalibe wowaposa. Tayala linkatsata mzere woyera osalowa, osatuluka, mpaka mphunzitsi ankaitana anzake kuti adzaone.

Kubwerera m'mbuyo ndiye ayi. Makina awo anali akale aja opanda livesi. Ukafika kumapeto kwa msoko umasiya singano ili pansi, kukweza kaphazi, n'kutembenuza nsalu yonse, iwe n'kupitiriza kutsogolo. Moyo wawo wonse chotembenuka chinali nsalu. Tsopano awa akuti yang'anani pagalasi, mupite komwe mwafulatira. Mutu wawo unkakana. Akafuna kuti kumbuyo kupite uku, kunkapita uko. Migolo ya pabwalo la sukulu inaona zoopsa, wina unachita kuphwanyika ngati chitini. Mayeso analephera katatu. Ulendo wachinayi migolo inapulumuka, a Kwaya akuti ndi mapemphero a kwaya yonse, ndipo Mayi Telala potsika analumbira kuti giya imeneyo sadzaikhudzanso.

Laisensi ili m'chikwama, anapita pa siteji. Anamupeza Magiya akusewera makadi pa bokosi ndi madalaivala anzake.

"Apongozi, ndipatseni makiyi," anatero Mayi Telala.

"Mukufuna mutengemo chiyani?"

"Ndikufuna nditenge lole."

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Magiya anaiyang'ana laisensi kutsogolo ndi kumbuyo, anaiunika padzuwa, kenako anawaponyera makiyiwo. "Tengani. Mwezi sutha, mubwera mukugwada."

Mayi Telala anakwera, anavula nsapato, analuma mapini awo osaonekawo. Lole inadumpha katatu, n'kutuluka pa siteji madalaivala akuimba likhweru.

Umu ndi momwe bizinesi yawo inayambira, ndipo inali bizinesi ya mtundu wake. Munthu akabwera kuti amunyamulire katundu, asanamve kuti ndi katundu wanji, funso loyamba linali lakuti, "Kwanuko kuli potembenukira?" Akati kuli, ankapita kukaona okha, tepi yoyezera ili pakhosi, n'kuyeza geti ngati akuyeza chiuno cha mkwatibwi. Akati kulibe, ankamupepesa munthuyo. Tsiku lina anapitirira nyumba ya kasitomala ndi mageti awiri okha. M'malo mobwerera, anazungulira dera lonselo, kudutsa kuchigayo, kuseri kwa sukulu, mwini katundu ataima pageti akuona kabati yake ikumudutsa n'kuzimiririka. Anatulukira mbali ina patatha theka la ola, n'kuima pageti ndendende. Pa siteji dzina linapezeka tsiku lomwelo: Kutsogolo Basi.

Omwe anawanyamulirapo ankawayamikira. Katundu ankamuyala m'lole ngati akupinda suti ya munthu, mipando kuikulunga m'nsalu, magalasi pakati pa matiresi, ndipo ngakhale kapu imodzi sinaswekepo. Koma nyumba zokhala ndi potembenukira n'zochepa pa dziko lino. Ntchito zambiri zinkawapita, ndipo masiku ena lole inkangoswera pamthunzi, iwo ali m'kati akuyang'ana msewu. Magiya, yemwe anali atapeza lole ya munthu wina, ankawadutsa akuliza hutala.

Sabata yachisanu mwana wawo anabwera kunyumba. Anali ataonda, kolala ya bulauzi ikuchita kulendewera. Anakhala pa mpando wa pakhonde, manja pamiyendo.

"Amayi, mubwezereni makiyi. Anthu akukusekani. Iye akuti mukangopepesa abwerera."

"Nanga iwe?"

"Ine musandidandaule. Ndazolowera."

Ndazolowera! Mwana yemwe ali wamng'ono ankakana yunifolomu chifukwa batani limodzi lasiyana ndi anzake, lero akuti wazolowera. Mayi Telala anamva mkwiyo ukukwera kuchokera m'mapazi momwe.

"Loweruka m'mawa ukhale utalongedza. Ndikubwera ndi lole."

"Amayi, kwathu kulibe potembenukira."

"Ukundiuza ine? Funso limenelo mwini wake ndine."

Lachinayi anapita ku kanjira kaja ndi tepi ndi choko. Anayeza kuchokera ku mpanda kufika ku ngalande, kuchokera ku ngalande kufika ku pholo, akulemba timizere m'mipanda ngati pa nsalu yoti adule. Anthu okhala m'menemo anayesa ndi a khonsolo abwera kudzagwetsa mipanda, mayi wina mpaka anabisa nkhuku zake.

Lachisanu anavundukula makina aja, koyamba chiwaphimbire. Anakoka thumba la zidutswa za nsalu lomwe linali pansi pa bedi, lomwe a Kwaya anakhala akupempha kwa zaka kuti litayidwe.

"Bambo, tandilowetsereni ulusi."

A Kwaya anavala magalasi, analowetsa, osafunsa kanthu. Mayi Telala anasoka tsiku lonse. Ankadula zidutswazo mulifupi mwa zala zitatu n'kumazilumikiza, china pa chinzake, china pa chinzake. Ntchito imeneyo sinkafuna maso, zala ndi phazi zinkaidziwa zokha. Pofika madzulo panali chingwe cha nsalu chamitundumitundu, chotalika kuposa bwalo la mpira, a Kwaya akuchikulunga pa mkono.

Loweruka m'mawa, a Kwaya ali pambali pa akazi awo, lole inalowa m'kanjira muja chamutu, bwinobwino, osakhudza kanthu, n'kukaima mphuno itayang'ana chitseko cha mwana wawo. Mwanayo anali atalongedza, ngakhale nkhope yake inkaoneka kuti sakukhulupirira. Magiya anali pakhonde, atakhala pa mpando wa ndalema, mwendo pa unzake, kapu ya tiyi m'manja. Sanaletse kanthu. Anaonerera anthu oyandikana nawo akukweza bedi, kabati, mapoto, mbaula, akumwetulira ngati munthu amene filimuyo anaionera kale.

"Kulowa aliyense amalowa, apongozi," anatero. "Mukatopa mundiuze. Koma mupemphe bwino."

Mayi Telala anatenga chingwe chija, anakhomera nsonga yake pansi ndi msomali kuseri kwa tayala lakumbuyo la mbali yawo, n'kuyamba kuchiyala. Iwo ankayeza kuchokera pa timizere ta choko tija, a Kwaya ankakhoma misomali. Chingwe chinatsata kanjira konse, chinakhota pa pholo, mpaka kukafika kumsewu waukulu. Anthu anatuluka m'nyumba, ena anakwera pa mipanda.

"Akuyanika chiyani amayiwa?" wina anafunsa.

"Msoko umafuna mzere," anayankha Mayi Telala, akupukuta manja. "Ndipatseni mzere, zinazo muona."

Anakwera, anavula nsapato, anagwira giya yomwe analumbira kuti sadzaikhudza. Inalira ngati yakwiya. Pagalasi ankaona tayala ndi chingwe. Lole inasuntha pang'ono, ndipo nthawi yomweyo kanjira konse kanasanduka madalaivala.

"Dulani! Dulani kwambiri!"

"Ayi, bwezani!"

"Ngalande, amayi, ngalande!"

Munthu yemwe sanakwerepo ngakhale wilibala naye ankakuwa. Manja a Mayi Telala anasokonezeka, tayala linasiya chingwe n'kulunjika ku ngalande, injini n'kuzima. Kunamveka kuseka kwa Magiya. Mwana wawo anali ataima kutsogolo kwa lole, atagwira pakamwa, ndipo amayi ake anaona m'maso mwake kuti wayamba kale kuganiza zotsitsa bedi. Anachita mantha, mantha enieni.

Apo ndi pomwe a Kwaya, munthu yemwe kunyumba sanakwezepo mawu ngakhale kwa mphaka, anapita pakati pa kanjira n'kukweza manja onse awiri, monga amachitira nyimbo isanayambe. Theka la anthuwo anaimbapo pansi pa manja amenewo, enawo anangotengera anzawo. Kunangoti zii. Kenako a Kwaya anakaima kumbuyo kwa lole, pomwe galasi linkawaonetsa, n'kuyamba kuimbitsa lole.

Dalaivala aliyense akanaona manja amenewo akanagunda mpanda. Sankaloza kumanja kapena kumanzere ngati anthu ena. Ankayandama, kutsika, kukoka mpweya, kutsina. Koma Mayi Telala anaimba alito mu kwaya zaka makumi atatu akuyang'ana manja omwewo. Ankadziwa kuti chikhatho chikatsika ndiye kuti pang'onopang'ono, chikakokera pachifuwa ndiye kuti bwera nayo, zala zikatsina ndiye kuti khala chete pomwepo. Analiza injini. Diso limodzi pa chingwe, lina pa amuna awo.

Ndipo phazi lija, lomwe mphunzitsi wadazi analitukwana miyezi inayi, linapeza ntchito yake. Pa klatchi linkaponda, kusiya pang'ono, kuponda, kusiya pang'ono, ndipo lole inkabwerera kadzanja kamodzi, kadzanja kamodzi, monga nsalu imayendera pansi pa singano. Tayala linabwerera pa chingwe n'kukhala pomwepo.

Mwana wawo ankatsatira mphuno ya lole, akuzula misomali ndi kukulunga chingwe chomwe lole yadutsa. Poyamba ankangokulunga. Kenako anayamba kuyang'ana zomwe zinkadutsa m'manja mwake. Nsalu ya yunifolomu yake ya ku pulayimale. Katani ya chipinda chake. Malaya a kwaya a bambo ake. Kansalu koyera kotsala pa diresi la ukwati wake, ndipo patsogolo pang'ono kachidutswa kobiriwira.

Pokhota paja, pholo la magetsi linatenga galasi la mbali inayo, khwaa, n'kulisiya likulendewera. Anthu anati "Aaa!" A Kwaya anawayang'ana ndi diso lomwe amayang'anira munthu woimba molakwika, ndipo anthu anakhalanso chete. Mayi Telala sanacheuke n'komwe. Galasi limagulidwa.

Matayala akumbuyo atagunda tala wa msewu waukulu, a Kwaya anatsina mpweya ndi manja onse awiri. Lole inaima. Kanjira konse kanaphulika, kuwomba m'manja, malikhweru, mayi wa nkhuku uja akuvina. Mayi Telala anakhalabe m'lolemo. Mapazi ankapalasabe pansi okha.

"Kwera tizipita," anamuuza mwana wawo kudzera pawindo.

Mwanayo anaika mpira wa nsalu uja pampando. Anayang'ana m'kanjira muja.

"Dikirani kaye, Amayi."

Anatembenuka n'kubwerera, akuyenda mofulumira, mpaka anakhota pa pholo osaonekanso.

Mtima wa Mayi Telala unagwa. Anaganiza za mawu aja, ndazolowera. Kodi miyezi yonseyi, migolo yonse ija, anavutikira kuti atulutse bedi ndi mapoto basi? Anayang'ana amuna awo. A Kwaya anali ataima pambali pa lole, manja omwe ankayandama aja ali lende, akuyang'ana pansi. Anthu anasiya kuwomba m'manja. Mphindi zinadutsa, injini ikungolira.

Kenako pa pholo paja panatulukira miyendo ya mpando. Pansi pake panali mwana wawo, atausenza mpando wa ndalema pamutu, akuyenda mosathamanga. Chapatali kumbuyo kwake kunaima Magiya, kapu ya tiyi ikadali m'manja, alibe pokhala.

Mwanayo anaponya mpando pamwamba pa matiresi, anakwera kutsogolo, n'kusendera pakati kuti bambo ake akwane.

"Ndi wanga," anatero. "Munandigulira ndinu."

Mayi Telala anapukuta maso ndi nsonga ya tepi, analuma milomo, n'kuika giya yoyamba. Lole inadumpha katatu, mapoto kumbuyo n'kulira onse, a Kwaya mutu gu kudenga. Mwana wawo anaseka. Anaseka mpaka kutsamira paphewa la amayi ake, kuseka komwe m'banjamo anali asanakumve kwa zaka zinayi.

"Usandigwedeze mkono," anatero Mayi Telala kudzera m'mphuno. "Tikapitirira geti lathu, tizungulira tauni yonse."